Bulauzi Yotsekula Pambali

Ine ndi ba sisi tinasoka limodzi zaka zambiri m'kashopu kena kumbuyo kwa msika wa ku Chawama. Iwo anali oyamba kubadwa kwathu, ine wachisanu, ndipo amayi atamwalira ndi iwo amene anandilera. Anandiphunzitsa kupalasa makina miyendo yanga isanayambe kufika bwino pa chopondera. Ntchito yathu yaikulu inali mayunifomu a ana a sukulu. Januwale akamayandikira, pakhomo pa shopu pankadzaza azimayi, aliyense akukankhira mwana wake kutsogolo kuti ayezedwe poyamba.

Kenako mayunifomu osokeratu anadzaza m'masitolo a ku Kamwala, otchipa kuposa nsalu imene ife tinkagula. Makasitomala sanatithawe tsiku limodzi. Ankachepa pang'onopang'ono, ndipo ena ankatipatsabe moni podutsa, mwana ali pambuyo atavala diresi losasokedwa ndi ife. Chaka chimenecho magetsi nawonso anayamba kuzima pafupifupi tsiku lonse. Makina a magetsi tinawafunditsa chitenge n'kubwerera ku opalasa aja.

Ba sisi ankadziwa mankhwala amodzi okha a vuto lililonse: kuwonjezera ntchito. Anatsitsa mitengo. Anayamba kulandira chilichonse, zipi zothyoka, makatani, zovala zakale za salaula zofuna kuchepetsa. Chakudya ankadyera pa makina, dzanja lina likugwira nsalu. Kutchalitchi, kumene anali oyimba kwaya, anayamba kupitako mwa apo ndi apo, mpaka anasiyiratu.

Tsiku lina ndinawapeza atatsinzina, akusisita kumbuyo kwa khosi.

"Ba sisi, pumulankoni. Mawa ni Sande, tisatsegule," ndinatero.

"Kupumula ni kwa bantu ba ku mayadi," anayankha osatsegula maso. "Ise ba mu komboni tikapumula tizadya chani?"

"Manje tikusebenza maningi koma vinthu sivisintha. Mwina tikhale pansi tiganizeko vina."

"Vina viti? Iwe soka chabe."

Ndinasoka. Sindikanatha kutsutsana ndi munthu amene anandilera. Kuchipatala anali atawauza kale kuti magazi awo akuthamanga, koma mapilitsi ankamwa akakumbukira, ndipo tsiku lobwerera kukayezetsa ankalilumpha chifukwa mzere wa kumeneko unkadya m'mawa wonse.

Zinachitika Loweruka lina la mu Okutobala, dzuwa litangokwera, malata a shopu akutentha ngati mbaula. Ba sisi ankadula nsalu patebulo. Ndinamva sizasi ikugwa pansi. Nditatembenuka, anali akuyang'ana dzanja lawo lamanja ngati la munthu wina. Anafuna kundiitana, koma pakamwa panali patakhota ndipo mawu anatuluka osamveka. Anatsetsereka pang'onopang'ono n'kukhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu.

Anagona m'chipatala milungu iwiri. Madokotala anati ndi sitiroko. Atatuluka, mwendo wamanja ankaukoka, dzanja lamanja linali lende, ndipo mawu ankabwera amodziamodzi. Amuna awo anali atamwalira kalekale, ana awo awiri ali ku Kitwe, choncho ndinawatengera kunyumba kwanga. Shopu ndinkatsegula m'mawa mokha. Masana ndinkabwerera kudzakhala nawo.

Milungu yoyamba inali yowawa. Munthu amene sanakhalepo manja ali pamiyendo tsopano ankangokhala pampando kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, kuyang'ana khoma. Nthawi zina ankakwiya n'kukankha mbale. Nthawi zina misozi inkangotsika yokha. Koma chovuta kuposa zonse chinali kuvala. Kuti dzanja lakufa lija lilowe m'bulauzi, ndinkayenera kulikweza ndi kulipinda, ndipo phewa linkawapweteka mpaka kubuula. Mabatani sankatha kumanga. Ankatembenuzira nkhope kukhoma pamene ndinkawavula.

"Nenze kukusambika ine," anatero tsiku lina, movutikira. "Lelo ni iwe."

Ndinangopitiriza kumanga mabatani.

Patapita mwezi ndi theka, ukali uja unayamba kuzirala. Anazolowera mpando wawo. Ankagona tulo ta masana, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita chibadwire changa. Anayamba kuona zinthu zimene kale analibe nazo nthawi: nkhunda za aneba, mmene mthunzi wa mango unkasunthira kuchoka pakhoma kufika pa waya woyanikapo zovala. Tsiku lina ndinawamva akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Mawu olankhula ankawavuta, koma nyimbo inkatuluka yosalala. Inenso ndinkakhala pamphasa pambali pawo, opanda chochita. Poyamba mtima unkandiluma kuti nthawi ikutayika. Pambuyo pake ndinangozisiya.

Masana ena ndinachapa tinsapato ta mdzukulu wanga n'kutiyanika pa njerwa pafupi ndi mpando wawo. Tinali tija topanda zingwe, tokhala ndi kalamba komata kamene kamalira kuti khwee ukamakamatula. Ba sisi anatola kamodzi ndi dzanja lamanzere. Anamatula, namata. Anamatulanso, namatanso. Anachita zimenezi nthawi yaitali ndithu, maso ali kutali, ine ndikuwodzera. Ndinkaganiza kuti akungosewera.

"Iwe," anandiitana. "Leta pepa. Na choko."

Ndinabweretsa nyuzipepala yakale ndi choko chathu chosokera. Ndinayala pepalalo pa thireyi n'kuwaikira pamiyendo. Ndi dzanja lamanzere anajambula bulauzi. Mizere inali yokhotakhota, koma telala aliyense akanaimva. Kenako anakoka mzere wautali kuyambira pakhosi, kudutsa paphewa, kutsika mkono wonse wamanja, ndi wina kutsika m'nthiti.

"Apa osasoka. Ika ivi." Anakweza kansapato kaja. "Kwanja sikuzangena mu bulauzi. Bulauzi ndiye izabwela pa kwanja."

Ndinayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Zaka zonsezo tinali ndi makina, nsalu ndi luso, ndipo milungu yonseyo ndinkawapweteka phewa m'mawa uliwonse, koma nzeru imeneyi sinandifikepo.

Mawa lake ndinapita ku Kamwala kukagula malamba omata aja, amene amagulitsa pa mita. Bulauzi yoyamba inalakwika: chomatacho chinkawakanda m'khwapa. Yachiwiri inkatseguka yokha akakhala pansi. Ba sisi ankaiyang'ana iliyonse, kuitembenuza, kenako n'kuiika pambali mpaka tsiku lotsatira. Kale akanandiuza kuti ndisule pomwepo ndiyambirenso. Tsopano ankati, "Leka, tigone nayo." Ndipo m'mawa ankadzuka ndi yankho. Yachitatu tinaiika kansalu kofewa kophimba chomatacho, ndi kachingwe kokokera kumapeto.

Tsiku limene anaivala okha ndinaima pakhomo la chipinda, manja kumbuyo, kudziletsa kuti ndisawathandize. Anayamba ndi dzanja lamoyo, nagwetsera mbali inayo paphewa, namata pang'onopang'ono kuchokera pakhosi. Zinatenga nthawi. Atamaliza anakhala pabedi akupuma mwamphamvu, n'kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Ine ndinatuluka panja kukalira.

Lachitatu lililonse tinkapita kuchipatala kukawongola ziwalo. Pabenchi yodikirira pankakhala anthu ambiri onga iwo, aliyense ndi womuperekeza. Mayi wina wa ku Matero, amene ankabwera ndi amuna ake pa njinga ya olumala, anaona ba sisi akumatula mkono wa bulauzi kuti namwino awayeze magazi.

"Ba mayo, mwagula kuti iyi?" anafunsa.

Ba sisi analoza pachifuwa pawo, kenako analoza ine.

"Mungasokeko shati ya so? Aba batate tikamabavalika ni nkhondo."

Tsiku limenelo ndinabwerera ndi miyezo ya anthu atatu. Mwezi usanathe, anthu anayamba kubwera kushopu kuchokera ku Kanyama, ku George, ngakhale ku Kaunda Square. Wina anali ndi agogo ogona pabedi, wina mwana wothyoka mkono, wina mkazi amene anachitidwa opaleshoni ya bere. Zovala zimenezi kunalibe m'sitolo iliyonse ya m'tauni. Shopu imene tinkaopa kuti itsekedwa inadzukanso.

Ndinkayembekeza kuti ba sisi asangalala, ndipo nthawi zina ankasangalaladi. Koma tsiku limene ndinawatengera kushopu pa takisi, anakhala kutsogolo kwa makina awo, naika phazi lamanzere pa chopondera, n'kuyesa kugwira nsalu ndi dzanja limodzi. Nsalu inakwinyika, singano inathyoka. Kenako anapempha kuti tibwerere kunyumba. Sanapitekonso.

Madzulo ake, tili pansi pa mango, analankhula mawu ambiri kuposa tsiku lina lililonse chidwalire.

"Mutu wanga unali na chongo cha mashini, phokoso chabe. Zaka zonse. Sinenze kumvela vilivonse mukati." Anapuma. "Nikanakhala pansi kudala, na manja yonse yabili, sembe tinapanga vambili."

"Mwapanga kale, ba sisi."

"Iyayi. Nachedwa."

Sindinawatsutse, chifukwa ndinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo iwo sankakonda kunyengereredwa.

Chaka chotsatira mvula itayamba, anali ndi nkhani ina m'mutu: thalauzi. Azibambo ambiri ankadandaula kuti shati yatheka, koma thalauzi ikuwasowetsa mtendere, makamaka popita kuchimbudzi. Kuika chomata m'mbali kunali kosavuta, koma munthu wa dzanja limodzi akaimirira, thalauziyo inkagwa asanamate. Ba sisi anajambula mapepala anayi, onse n'kuwakana okha. Lachisanu lina m'mawa, ndikunyamuka kupita kushopu, anandiuza kuti chinachake chikubwera m'mutu mwawo, ndiwasiyire choko pafupi.

Nditabwerera masana ndinapeza aneba atadzaza pakhomo. Sitiroko yachiwiri inawapeza ali pampando wawo. Tinathamangira nawo kuchipatala, koma sanatsegulenso maso. Anamwalira Lamlungu m'mawa. Pa thireyi panali pepala lokhala ndi chiuno cha thalauzi, ndi kamzere kamodzi kokwera m'mwamba kuchokera pa lamba, kosamalizidwa.

Tinawaika m'manda mvula ikuwaza. Anzawo a kwaya anabwera onse, ngakhale kuti anali atawasiya kwa nthawi yaitali. Panabweranso anthu amene achibale sankawadziwa, ena pa ndodo, ena pa njinga za olumala, atavutika kudutsa m'matope a m'komboni.

Shopu ikuyendabe. Ndili ndi amayi awiri amene timasoka nawo, ndipo Lachinayi masana timatseka, kaya ntchito ichuluke bwanji. Amayiwo amapita kwawo. Ine ndimabwera kunyumba, n'kutulutsa pepala lija m'sutikesi, n'kukhala nalo panja. Ndayesa kuganiza kuti kamzereko ndi lamba wa paphewa, ndayesa kuti ndi chingwe chokoleka pakhosi, ndasoka zonse ziwiri, ndipo palibe imene yagwira bwino. Bambo wa ku Matero uja akudikirabe thalauzi yake. Mkazi wake akandiimbira foni, ndimamuuza kuti sindinaipezebe.