Masamba Awiri Amene Mlaliki Anakana

A Guluu anamata mabuku zaka makumi anayi m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala, poti fungo la guluu ndilo linkayamba kufika iwo asanatulukire. Patebulo pawo pankakhala singano yokhota, ulusi wopaka phula ndi njerwa ziwiri zopsinjira. Lamulo lawo linali limodzi: tsamba lolowa muno silipita kudzala.

Tsiku lina kunabwera mlaliki wa suti yonyezimira, wodziwika ndi uthenga umodzi wokha, wakuti mbumba ya wolungama idzakhala mibadwomibadwo. Anaponya patebulo Baibulo la malemu bambo ake.

"Madala, ndikufuna chikuto chachikopa, dzina langa m'zilembo zagolide. Masamba awiri akutsogolowa muchotse, akundichititsa manyazi."

A Guluu anavala magalasi. Pamasambapo panali mayina a banja lonse, ena a inki, ena a pensulo, olembedwa ndi manja asanu osiyana. Panali ndi ana awiri amene anangokhala sabata imodzi padziko.

"Abusa, awatu ndi anthu anu."

"Amenewo anali udzu, madala, anafota. Malemba sanena choncho?"

"Nanga mibadwo imene mumatigonthetsa nayo m'khutu ija?"

"Ikuyambira pa ine."

A Guluu anangomuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi. Mumtima anati, taonani munthu wosankha mavesi ngati tomato pamsika: la udzu n'lopatsa akufa, la mibadwo n'loika m'thumba mwake. Iwo mavesi awiriwo anali atawasoka ndi ulusi umodzi kambirimbiri, ndipo sanaonepo lina likuthawa linzake.

Masambawo anawadula bwinobwino monga anauzidwira. Kenaka anawagoneka m'kati mwa chikuto chatsopanocho, n'kumata pepala loyera pamwamba pake. Zaka khumi ndi ziwiri mlaliki uja ankamenya Baibulolo paguwa, thukuta lili kamukamu, osadziwa kuti akumenya agogo ake.

Mlalikiyo anamwalira mwadzidzidzi, atangotsika galimoto. Patapita miyezi, mwana wake wamkazi anafika kwa a Guluu, khanda lili kumsana, Baibulo lili m'manja. Golide yense anali atafufutika ndi thukuta la m'chikhatho, chilembo chimodzi chokha n'chimene chinatsala.

"Agogo, azakhali akuti munali mayina umu. Ndimafuna mwanayu atenge dzina la amayi awo a adadi, koma adadi sanatiuzepo, ndipo azakhali mutu unayamba kusokonekera. Munataya?"

"Kutaya ine? Khala pansi, mwanawe, usagwetse njerwazo."

A Guluu anatenga lumo, n'kuliyendetsa mowongoka m'kati mwa chikuto. Pepala loyera lija linakanganuka, mayina onse n'kuonekera, aukhondo ngati tsiku lija. Mayiyo anayendetsa chala mpaka anaima pa dzina limene ankafuna. Analitchula kawiri motsitsa mawu, n'kutembenuka kuliuza khanda lija.

Kenaka anayang'ananso tsambalo. "Koma adadi mulibe."

"Anakana okha."

"Ndingawalembe?"

A Guluu anasakasaka m'kabati. Cholembera chagolide chinalipo, koma anatulutsa pensulo yotafunidwa kumapeto.

"Lemba pansi penipeni apo. Mpata ndi wochepa, koma uwakwanira. Usiyekonso malo a mwanayo."