Phulusa la Bambo pa Mzere wa Golo

Bwalo la mpira la pa esiteti ya tiyi kumene ndinakulira, ku Honde, silinapangidwe ndi kampani. Malo anali a kampani, inde, koma amene anazula zitsa ndi kugumula zulu anali bambo anga ndi anzawo, anthu amene anachoka ku Malawi kudzathyola tiyi. Ankagwira ntchitoyo akaweruka, misana ikuwawa ndi madengu. Anadula mabulugamu n'kuimika magolo. Ine pobadwa ndinalipeza bwalolo lilipo, ndipo lamulo lake linali limodzi lokha, loti wotchetcha udzu ndi wobweretsa phulusa ndiye mwini mpira.

Laimu wolembera mizere sitinkamudziwa. Mpira ukakhalako Loweruka, Lachisanu nyumba iliyonse ya m'komboni inkasefa phulusa la pamoto n'kulitumiza ku bwalo m'chitini. Amuna ankatchetcha, akazi tinkasesa, kenako akuluakulu ankakoka chingwe n'kumathira phulusa mochitsatira. Banja lililonse linali ndi mzere wake. Wathu unali wa pagolo la kumtunda, cha kumabulugamu, ndipo bambo sankalola munthu wina kuukhudza. Ankathira atagwada, pang'onopang'ono, ngati akufesa mpiru, anzawo akuwanyoza kuti mdhara, ndiye mdala m'chilankhulo cha kumeneko, mpira ndi mawa, osati chaka chamawa. Iwo ankangoti mzere wokhota umagoletsa zigoli zabodza.

Pafupi ndi esiteti panali kakoleji ka zaulimi kamene kanalibe bwalo lakelake, ndiye timu yake inkasewera pathu. Palibe ankadandaula, chifukwa ambiri mwa ophunzirawo anali ana athu omwe, othyola tiyi m'mawa n'kulowa m'kalasi masana. Mlongo wanga wamng'ono, chitsiriza wa m'nyumba mwathu, anali m'modzi wa iwo, ndipo ndiye anali goloboyi. Anali ndi manja aakulu ngati a bambo, koma pa tiyi anali waulesi wotheratu. Dengu lake ndinkalidzaza ndine. Pagolo pokha ndi pamene ankasanduka munthu wina. Bambo sankamuyamikira pamaso, ankangokhala kuseri kwa golo pa kampando kawo n'kumatsokomola akagwira mpira, ndipo tonse tinkadziwa kuti kumeneko ndiye kuomba m'manja kwawo.

Kenako kunabwera zaka zija zimene ndalama zathu zinasanduka mapepala. Unkalandira malipiro m'mawa, pofika ku sitolo madzulo sakugula ngakhale mchere, ndipo m'sitolomo munali mashelefu okhaokha. Sopo anasowa, soda anasowa. Phulusa limene kale tinkataya linakhala chuma. Tinkatsukira mbale, tinkachapira, tinkacheza chidulo chophikira therere ndi masamba a maungu, zimene zinali ndiwo zathu tsiku ndi tsiku. Koma Lachisanu lililonse la mpira bambo ankapatulabe chitini chawo. Nthawi imeneyo n'kuti chifuwa chitawagwira, ntchito atasiya, miyendo itatupa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Panatulukira munthu wina wa golosale pa msika wapafupi, amene zaka zimenezo zinamukomera pamene ena tonse zinkatifinya. Ankagulitsa mafuta a galimoto m'zigubu, ankasintha marandi, ndipo ufa ankaubisa kuseri kwa sitolo, wogula ndi ndalama zakunja zokha. Tinkamutchula kuti bwana wa zigubu. Iyeyu anati akufuna kuthandiza timu ya koleji. Anabweretsa majezi atsopano olembedwa dzina la golosale yake pachifuwa, zilembo zazikulu kuposa nambala ya wosewera. Akuluakulu a koleji, amene nawonso malipiro awo anali mapepala, anamulandira ndi manja awiri. Ine sindiwada chifukwa cha njala yawo, njala tinali nayo tonse. Ndimawada chifukwa anagulitsa chinthu chimene sichinali chawo.

Timu inachita bwino chaka chimenecho mpaka inafika pa masewera omaliza a makoleji a m'chigawo chathu, oti achitikire pabwalo lathu, ndi anyamata ochokera ku Chipinge. Mlongo wanga ndiye anaifikitsa pamenepo. Bambo anali asanamuonere kwa miyezi, chifukwa njira yopita ku bwalo ndi chitunda ndipo mpweya unkawathera. Koma atamva za masewera omalizawo anandiuza kuti, "Mwana wanga, awa okha undiperekeze. Mvula ikubwerayi sindikudziwa ngati indipeza." Ndinawakalipira kuti asamalankhule zopusa, koma ndinawamva.

Sabata imeneyo tinaona anyamata aganyu akukumba maenje mozungulira bwalo, akuimika mitengo n'kumangapo masaka akale a feteleza mpaka kutalika kuposa munthu. Tinafunsa, anatiuza kuti n'zotchinga mphepo ndi mbuzi. Ife ndi uchitsiru wathu tinakhulupirira. Kapena tinene kuti sitinaganize n'komwe, chifukwa m'mutu mwathu munalibe malo oti munthu angatitsekere bwalo lathu lomwe. Lachisanu tinapita monga mwa masiku onse, zikwanje ndi matsache m'manja, zitini za phulusa pamutu. Bwana wa zigubu anaima pafupi ndi galimoto yake akutiyang'ana tikutchetcha, akumwetulira, mpaka anatiponyera moni. Sanatiuze kanthu. Bambo ndinawakweza chitundacho tikupumira m'njira, ndipo anagwada pagolo la kumtunda n'kuthira mzere wawo. Mzerewo unawongoka.

Loweruka anavala jekete lawo la ku tchalitchi. Titafika tinapeza khamu la anthu a m'komboni litaima panja pa masaka, ena ochokera mpaka ku Samanga ndi ku Mandeya, ndipo pa chipata panali tebulo. Polowa ankafuna marandi, kapena chinthu chogwirika, nkhuku, mkoko wa nthochi, mbale ya chimanga. Pa tebulopo panakhala mnansi wathu, munthu wina wa kwawo ku Mozambiki amene ankathyola tiyi mzere umodzi ndi bambo anga kwa zaka zambiri. Anamulemba ganyu yolondera chipata, ndipo maso ake sankachoka pansi.

"Achimwene," anatero bambo, "mwandiiwala? Dzulo tinali tonse muno."

"Sindinakuiwaleni, mdhara," iye anayankha. "Koma ndauzidwa kuti wopanda kanthu asalowe. Zvakaoma, zinthu zavuta. Ndikakulowetsani, ana anga agona ndi njala lero."

Ine ndinakuwa kuti udzu umenewo anatchetcha ndani, mizere imeneyo ndi phulusa la amake a ndani, ndipo anthu kumbuyo kwanga ankavomereza, koma mawu satsegula chipata. Bambo anandigwira dzanja n'kunena motsitsa kuti ndipite kunyumba ndikagwire tambala. Tinali ndi tambala m'modzi yekha, amene tinkasungira Khirisimasi. Ndinatsika chitunda ndikulira ndi mkwiyo, ndinamuthamangitsa m'nthochi, ndinabwera naye ali kulira m'khwapa, ndipo ndinamuponya pa tebulo paja mosayang'ana nkhope ya munthu. Tinalowa pabwalo la bambo anga titalipira.

M'katimo munali anthu ena, amalonda a pa msika, osintha ndalama, akazi awo atavala magalasi akuda, ndi chiwailesi chachikulu chikulengeza mitengo ya m'golosale. Ndinaika kampando ka bambo kuseri kwa golo la kumtunda, pamalo awo akale. Matimu atatuluka, bambo anatukula khosi. Amene anabwera kudzaima pagolo, atavala jezi ya mlongo wanga, anali chimunthu chandevu chimene sitinachionepo, chachikulu msinkhu moti chikanatha kukhala ndi mwana wa ku koleji. Kutsogolo kunalinso ena awiri otero. Bwana wa zigubu anawatenga ku Mutare, osewera aganyu, ndipo koleji inawalemba kuti ndi ophunzira. Anali atabetcherana ndi wamalonda mnzake wa ku Chipinge, ndiye sakanaika chuma chake m'manja mwa mwana wothyola tiyi. Mlongo wanga anali pa benchi atavala malaya ake akunyumba, atazolika. Anauzidwa m'mawa womwewo, ndipo manyazi anamuletsa kutumiza mawu.

Chigawo chonse choyamba bambo sanayang'ane mpira. Maso awo anali pa benchi. Chimunthu chija chinkalavula pa mzere, chinkakanda ndi jombo kuti chiike chizindikiro, chikagwira mpira anthu a magalasi ankakuwa. Bambo sanatsokomole ngakhale kamodzi, munthu amene usana wonse ankangokhalira kutsokomola. Ine ndinkatukwana mokweza, ndipo sindibweza liwu ngakhale limodzi la tsiku limenelo.

Wezulo ya kupuma italira, bambo anadzuka. Ndinayesa akufuna kukataya madzi, koma analowa m'bwalo ndi ndodo yawo, napita pa mtengo wa golo wakumanzere. Anayamba kufufuta mzere ndi phazi, akulikoka pang'onopang'ono monga momwe anathirira, phulusa likusakanikirana ndi dothi lofiira. Poyamba anthu anaseka, akuti mdhara wapenga. Woimbira mpira anathamanga akuimba wezulo, bwana wa zigubu ali pambuyo pake, mimba ikugwedezeka.

"Iwe mdhara, ukuchita chiyani? Mpira uwu ndaulipirira ine!"

Bambo sanaime. Anati, "Mpira ndi wanu, bwana, majezi ndi anu, anthu awa ndi anu. Tambala mwatenga. Phulusa lokhali ndi la m'nyumba mwanga, ndikutenga langa."

Palibe anawagwira. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ngakhale anthu a magalasi anasiya kuseka. Atafika pa mtengo wakumanja mpweya unawathera, anatsamira golo. Pamenepo mlongo wanga anadzuka pa benchi, anadutsa bwalo lonse anthu akumuona, nawagwira m'khwapa. Kochi anamukuwira kuti akatuluka asadzabwererenso. Iye sanatembenuke. Tinatuluka atatu, ine nditanyamula kampando, ndipo mnansi wathu wa pa chipata anaimirira n'kuvula chipewa.

Ndikanakonda kunena kuti mpira unathera pomwepo, koma ndalama sizichita manyazi. Tili panja tikuwapumitsa bambo, tinaona galimoto ya bwana uja ikuthamanga kupita ku msika, n'kubwera ndi thumba. Ndinasuzumira pa kabowo ka saka. Anali ufa, ufa woyera wa kuchigayo, womwe uja ankati palibe tikapita ndi ndalama zathu. Anyamata ake anauthira pansi kuchokera pa mtengo wina kufika pa unzake, wokhuthala, mzere wokhotakhota. Panja pa masakapo panali amayi amene ana awo anali asanalawe kanthu chidzukireni. Wezulo inalira, mpira unapitirira.

Bambo anandifunsa kuti ndikuona chiyani. Ndinawauza, chifukwa sindinkawanamiza. Anatembenukira kwa mlongo wanga n'kumugwira dzanja, akulitembenuza uku ndi uku monga ankachitira ali mwana.

"Ndimafuna ndikuone lero," anatero.

"Mudzandiona chaka chamawa, Baba," iye anayankha.

Mvula yoyamba inagwa titawaika kale.