Ulusi wakuda wa mayi Rahila

Mphekesera inayambira pamjigo, ndipo pofika kumathandala a usipa inali itamera kale miyendo. Akuti mayi Rahila, mzamba wakale wa kuno ku Mwadzama, ayamba kuwonjezera ana zala. Musaseke. Nanenso ndi imvi zangazi ndinkati ndikamadutsa pakhomo pawo, manja ndapisa m'thumba. Zisanu zangazi zimandikwana.

A Rahila anakwatiwa ndi mmisiri wosema mabwato, amene anamwalira osawasiyira mwana wamoyo. Uzamba anaphunzira kwa azakhali awo. Theka la abambo ndi amayi a m'mudzi muno, a kumzikiti ndi a ku Angilikani omwe, anagwera m'manja mwawo akulira. Malipiro ake anali kankhuku, sopo, pena lichero la makaka.

Kenako boma linati amayi onse azikachirira kuchipatala. Mudzi unasankha komiti, komiti n'kuika chindapusa cha mbuzi kwa aliyense wobereketsa mayi kumudzi. Tsiku lina mayi wina wapakati matenda anamupanikiza panjira, pafupi ndi khomo la a Rahila, iwo n'kumuthandiza. Wodzamasula mbuzi yawo anali Raston, mwana wa a Tabitha, msodzi wa bwato la injini komanso mkulu wa komitiyo. A Rahila anangoti, "Tenga mwanawe. Manja akowo ndimawadziwa."

Mawuwo anagona zaka zambiri. Chaka chino mkazi wa Raston anakachira kuchipatala pa boma. Mwana wamwamuna, wonenepa bwino, koma m'mbali mwa dzanja lililonse kachala kowonjezera kakulendewera ngati kanyemba. Mayi asanatuluke m'wodi, chithunzi chinali chitazungulira kale m'mafoni. Mwezi usanathe, Tionge, mlongo wake wa Raston, naye anachira mwana wamkazi, kachala kudzanja lamanzere.

"Si uja anati manja amawadziwa?" anthu anatero. "Akulipiritsa mbuzi yake."

A Rahila anayamba kuona zachilendo. Akafika pamjigo, amayi ankanyamula ndowa zosadzadza n'kumapita. Chinangwa chimene anaviika kudambo anachipeza chitamwazidwa m'matope. Amayi apakati ankazungulira kuseri kwa mitengo ya mango kuti asakumane nawo. Wailesi a Rahila anali nayo, ndipo ankadziwa zimene zimachitikira nkhalamba ikatchulidwa ufiti m'madera ena. Analongedza zitenje zawo m'ndowa, koma kothawira kunalibe. Galu akauwa, ankadzuka kukasuzumira panja. Chimene chikanawapulumutsa ankachidziwa, koma chinali cha m'chikuta, m'nyumba momwe mayi ndi khanda ankabindikira mpaka mchombo utagwa. Za m'menemo mzamba amalumbira kuti sadzauza mwamuna.

Anthu anabwera Lachisanu masana, amuna a kumzikiti atapita kukaswali, poti ankadziwa kuti woleretsa sapezeka. Anyamata anali ndi miyala. Wina ananyamula chigubu cha petulo wa m'bwato, ndipo fungo lake linafika pakhonde iye asanafike. Denga la a Rahila n'laudzu. Raston anali patsogolo. Amayi ake, a Tabitha, anaima kumbuyo kwenikweni, manja atawafunditsa chitenje dzuwa likuswa mtengo.

"Tulukani agogo!" anakuwa Raston. "Mwana wanga mwamuchita chiyani?"

A Rahila anatuluka chokwawa. Mwala unagunda chitseko pamwamba pa mutu wawo. Iwo anayang'ana kwa a Tabitha. A Tabitha anayang'ana pansi.

"Raston," anatero a Rahila, "undiwotche, koma uyambe wandipatsa dzanja."

"Osapereka amwene!" anakuwa wa chigubu uja. "Mubwerako ndi zala khumi dzanja limodzi!"

Palibe anaseka. Raston, poopa kuoneka wamantha, anatambasula dzanja. A Rahila analigwira, n'kusisita m'mbali, pansi pa chala chaching'ono chakumapeto.

"Aka n'kachiyani?"

"Njerewere."

"Bweretsa linalo. Nanga aka? Njerewere zinayamba liti kupangana malo?"

Raston anayang'ana manja ake ngati wabwereka kwa munthu. Tiziphundu tiwiri, malo ofanana.

"Unabadwa nazo zisanu ndi chimodzi uku ndi uku," anatero a Rahila. "Tizala towonjezerato ndinatimanga ndi ulusi wakuda patsinde. Mchombo pogwa, nato tinagwa, ndinakwirira pamodzi. Bambo ako anakuona uli ndi zisanu zisanu. Tionge chimodzimodzi, kumanzere. Mundikhululukire a Tabitha, ndaswa chikuta. Moto ndimauopa."

Maso onse anatembenukira kumbuyo. Wa chigubu uja anachitula pansi. Kenako a Tabitha anatulutsa dzanja m'chitenje, n'kulikweza. Kachiphundu komweko.

"Ndinawapempha ndine," anatero. "Bambo ako akanati ndi malodza, kapena akanati mwana si wawo. Amayi anga analinso nako. Ndimati ndinene, koma mlandu utakula ndinaopa kuti mungatembenukire ine."

Mukanaona zimene zinachitika pabwalopo! Anyamata aja anataya miyala mwakachetechete, aliyense akuzisisita m'mbali mwa dzanja mobisa. Mmodzi anapeza kake, n'kuchoka osatsanzika.

Patapita masiku, mlangizi wa zaumoyo, mnyamata wa ku Dwangwa dzina lake Lughano, anatisonkhanitsa pansi pa mtengo. Sukulu yanga inathera panjira, koma zimene ndinatolapo ndi izi. Mwana amaumbidwa ndi malangizo, theka lochokera kwa bambo, theka kwa mayi, olembedwa m'tizinthu tosaoneka ndi maso m'thupi monse. Malangizo ena ngaulesi: amafuna achokere mbali zonse ziwiri kuti aoneke, n'chifukwa chake makolo akuda bii amatha kubereka mwana wachialubino. Ena ngaliuma ngati Raston, mbali imodzi yokha ikwana. A kachala ali m'gulu limeneli. Kholo likakhala nawo, mwana wina atengera, wina ayi, monga khobidi loponya m'mwamba. Ndipo ulusi umachotsa chala chokha, malangizo amatsala. Anati masiku ano tisamange ulusi, pamatha kutukusira, tizipita nawo ana kuchipatala.

A Rahila sanabwere kumsonkhanoko. Mpaka lero akamva fungo la petulo amalowa m'nyumba n'kutseka, ndipo ndowa ya zitenje ija sanaimasule. Raston anabweretsa mbuzi yaikazi n'kuimangirira pakhomo pawo. Iwo anaiyang'ana, n'kumuuza kuti yawo ija inali yonenepa kuposa iyi.

Ana awiri aja anawachotsa tizala kuchipatala, ndipo akukula. Mayi Rahila sanalodze mwana aliyense. Tizalato n'takumtundu kwa a Tabitha.