Mbale Yofiira ya Agogo a Lafaelo

Ndikakumbukira agogo aamuna, a Lafaelo, choyamba kubwera ndi kuwawa kwa khosi, kenako fungo la fodya wouma amene ankayala m'bokosi lawo pothamangitsa mphemvu. Bokosilo linali lathabwa, lolemera ngati thumba la mchenga, ndipo munali mbale za galamafoni zokhazokha, zing'onozing'ono zija za nyimbo imodzi kumaso ndi ina kuseri. Anayamba kuzigula ali mnyamata, akugwira ntchito m'sitolo ku Limbe, ndipo pobwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Mauwa, matenda osonkhanitsa mbalewo anabwera nawo.

Mbalezo zinali ndi adani atatu: dzuwa, fumbi ndi ife. Koma amene anatizunza ndi dzuwa. Agogo ankati mbale ikatenthedwa imapindika ndipo siwongokanso, choncho nyengo yonse yotentha bokosi linkasamuka m'nyumba kuthawa khoma limene lapsa. M'mawa linkakhala kuchipinda chakumadzulo, masana pansi pa tebulo, dzuwa likapendeka n'kupita pakona yakum'mawa pamene kale pankakhala mtsuko wa madzi akumwa. Mtsukowo anauchotsa, ndipo banja lonse tinkamwa madzi ofunda kuti mbale zimve kuzizira. Wosenza ndinali ine, chifukwa achemwali anga a Felesiya anali atakula ndipo anadziwa kusowa pa nthawi yake. Ndikangoti ndikasewere phada ndi anzanga, ndinkamva mawu aja: "Malita, dzuwa lafika pakhoma." Ndinkaika nkhata pamutu, iwo n'kumanditsata pambuyo manja ali m'malere, akulangiza phazi lililonse pomwe liponde.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti nyimbozo sitinkazimva. Galamafoni inalipo, ya mabatire, yofunditsidwa chitenje chabwino kuposa cha agogo aakazi. Koma mwini wake ankati, "Singano imadya nyimbo. Ukaimva lero, wachepetsa ya mawa." Pa Khirisimasi ankasankha mbale zingapo, kuzipukuta ndi kansalu kofewa, n'kuziliza kamodzikamodzi, ife titakhala patali osaloledwa kugwedeza mwendo kuopa fumbi. Tisanaigwire n'komwe nyimbo, mbale inali itabwerera kale m'kathumba kake kapepala. Masiku ena onse ankangozitulutsa, kuzipendeketsa pawindo, kuziuzira, n'kumang'ung'udza okha.

Makaseti atafika anthu anayamba kutaya mbale, agogo n'kumazitola. Ankapalasa njinga mpaka ku Boma atangomva mphekesera yakuti uje ali nazo. Tsiku lina anapeza mdzukulu wa Abiti Saidi, mayi woyandikana nafe, akugubuduza ina pabwalo ngati wilo. Inali ya pepala lofiira pakati, ndipo agogo anati imeneyo anaifunafuna kuyambira ali ku Limbe. Anathamangira kukhola, nagwira thadzi la agogo aakazi limene linkaikira, n'kukasinthanitsa. Agogo aakazi pobwera kudimba anayang'ana mbaleyo, anayang'ana amuna awo, n'kungoti, "Ikayamba kuikira mazira mundiuze." Sabata imeneyo ndiwo zinali chisoso chokhachokha.

Ndiye unafika ukwati wa achemwali, mu Okutobala, dzuwa lake loswa mtengo. Anakwatiwa ndi a Dominiko a ku Ndunde, ndipo akuchimuna anabwera chigulu, anyamata atavala nsapato zopukuta, akuti aone ngati a ku Mauwa amadziwa dansi. Amalume anali atapangana ndi munthu wa ku Boma wa wailesi yaikulu ya kaseti. Nyimbo yoyamba isanathe wailesi inameza tepi, mwini wake anaitsegula ndi mpeni, ndipo sinalankhulenso. Amayi a m'mudzi anali ataimba kuchokera kutchalitchi mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano anali kumiphika. Pabwalo panati zii, kumangomveka nkhuku ndi masipuni. Azakhali a mkwati anadzikupiza ndi mpango, n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve, "Kodi mwatiitanira ukwati kapena sadaka?" Anyamata a ku Ndunde anayamba kuyang'ana njinga zawo. Achemwali anaweramitsa mutu pansi pa chophimba chawo choyera, mapewa akugwedezeka, ndipo tonse tinkadziwa kuti alendo akachoka dzuwa lili pamutu, nkhani imeneyi adzawanena nayo mpaka kukalamba.

Agogo aakazi analowa m'nyumba, ine pambuyo. Anapeza amuna awo atakhalira bokosi.

"Bambo, tulutsani zinthu zanuzo."

"Pa fumbi ili? Ndi singano yobuntha imene ija? Yatsopano sikupezeka ngakhale ku Limbe."

"Nkhuku yanga inafera chiyani? Mwana akulira panjapo."

Agogo aamuna anavomera, koma ndi malamulo ngati a kuchipatala. Bokosi silituluka. Galamafoni ikhala pawindo, kukamwa kuloza kunja. Bwalo lonse liwazidwe madzi. Madzi osamba m'manja alendo anathera pansi, ndipo ine ndi anzanga tinathamanga kuchitsime ndi zidebe, madiresi athu a ukwati atanyowa mpaka m'chiuno. Atakhutira kuti fumbi lagona, agogo anapukuta zala pa shati n'kuika mbale yofiira ija.

Sindinadziwe kuti kagalamafoni kaja kangatulutse zotero. Gitala anayamba yekha, wothamanga, kenako mawu a amuna awiri m'chinenero chimene panalibe wochimva, koma miyendo inamva. Amene anali atagwira kale njinga anazitsamiritsa pamtengo. Azakhali aja anamanga mpango m'chiuno n'kulowa pakati. Nyimbo itatha anthu anakuwa kuti ibwerezedwe, agogo n'kutulutsa mutu pawindo.

"Mbale imodzi, kamodzi."

Anaika ina, yozizira, ya munthu wodandaula, ndipo anthu anabwerera m'mipando. Anaika yachitatu, chimodzimodzi. Ine ndinkafuna kuwaluma. Pamenepo achemwali anadzuka pampando wa akwati, anayenda pamatope paja ndi diresi lawo loyera, n'kugwada pansi pa windo.

"Agogo, yofiira ija."

Agogo anawayang'ana nthawi yaitali, akutafuna milomo. Anatenga mbale ija, anaiuzira, n'kuiika. Itatha sanadikire kupemphedwa, anangobweza singano poyambira. Bwalo linauma, fumbi linakwera mpaka kulowa pawindo, iwo ali chiimire, misozi kaya thukuta likutsika m'masaya, akubwezabweza singano yobuntha ija mpaka dzuwa linafiira. Pomwe alendo ankatsanzika, akutamanda ukwati wa ku Mauwa, gitala uja ankamveka chapatali pansi pa phokoso longa la mafuta m'chiwaya.

Musaganize kuti agogo anasintha. Anaipiraipira. A Dominiko atamanga nyumba pakhomo pathu monga mkamwini, ntchito yosenza bokosi inagwera iwo, ndipo apo pokha ndinathokoza. Mlendo aliyense ankamulizira mbale yakufa ija kuti amve zimene ukwati unawononga. Achemwali ndi amuna awo akangokwezerana mawu, agogo ankaika galamafoni pawindo, kuliza phokoso lija, n'kunena, "Nyimbo yanga inathera pa inu. Mukalekana mundibwezere." Sindikudziwa ngati ndi chifukwa chake, koma awiriwo ali limodzi mpaka lero, ndi zidzukulu.

Agogo atadwala matenda awo omaliza anagawa chuma chawo. Bokosi lonse, ndi mbale zonyezimira zija zosalizidwa, anapatsa a Dominiko. Ine, amene khosi langa linafupika ndi bokosi limenelo, anandipatsa yofiira. Ndinakwiya, ndipo ndinawauza pamaso kuti andipatsa chinthu chakutha. Anangoti, "Ndi yokhayo imene unaimva."

Zinandiwawa chifukwa zinali zoona. M'bokosi lonse lija palibe nyimbo ina imene ndingaimbe ngakhale mzere umodzi, koma iyi imandibwerera ndikamachapa, ndikamadikira minibasi, gitala yense mpaka pothera. Lero ndimakhala ku Limbe, galamafoni ndilibe, ndipo ana anga amandiseka kuti ndikusunga mbale yopanda mawu pashelefu. Ndimawavomereza kuti ndi zopusa. Koma mu Okutobala, dzuwa likafika pakhoma limenelo, ndimasiya chimene ndikuchita n'kukaisuntha.