Dzenje Lomwe Silinali pa Mapu

Ine sukulu ndinaithawa tsiku lomwe aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, ndiye musayembekezere zambiri. Koma za mayi uyu ndilemba ndithu, chifukwa ndinamulakwira.

Timamutcha Wamabotolo. Ndi mayi wamfupi, wosaseka wamba, wovala jombo zomukulira. Bambo ake anali okumba zitsime, ndiye iye anakula akusuzumira m'maenje, n'kuphunzira za madzi mpaka kupeza pepala. Mwamuna anali naye koma anachoka, akuti ankadandaula kuti mabotolo akusamalidwa kuposa iye. Anamusiyira ana awiri. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse mayiyu amabwera pa fakitale yakale yomwe ine ndimalondera masana.

Fakitaleyo inkapanga zitsulo za makina. Ndinagwirapo zaka makumi awiri ndikutsuka girisi ndi mankhwala ena oyera ngati madzi, afungo lotsekemera, ozunguza mutu. Itatsekedwa, anapeza kuti mankhwalawo analowa pansi mpaka kufika m'madzi. Mpope wa anthu okhala kumunsi kwa mpanda anaumanga ndi tcheni. Kumeneko n'komwe kumakhala mwana wanga wamkazi ndi adzukulu anga, ndipo kuyambira pamenepo madzi amakatunga kutali. Akatswiri anafukula dothi pomwe panali thanki ya mankhwala, anaika makina opopa madzi n'kuwasefa, kenako anakumba tizitsime khumi ndi tiwiri toyezera. Ntchito ya Wamabotolo ndi kutunga madzi m'tizitsimeto n'kuwatumiza ku labotale, akaone ngati poizoni akuchepa.

Muone mmene amagwirira. Amayambira chitsime choyera n'kumalizira choipitsitsa, chilichonse ndi magolovesi ake atsopano. Amapopa kaye madzi ogonera n'kuthira mumgolo. Akatero amadzaza kabotolo mpaka madzi atatukumuka pakamwa, n'kutseka, n'kukazondotsa, n'kukagogoda ndi chala. Kathovu kakangooneka, ngakhale kochepa ngati diso la nyerere, amayambiranso.

Tsiku lina ndinamuputa. "Mayi, mwayambana chiyani ndi mpweya?"

"Madala, mankhwalawa amathawira mu mpweya. Mukakhala thovu, botolo limanama."

"Kani botolo nalo ndi mwamuna eti?"

"Bola botolo," anatero osanditembenukira. "Likanama limaonekera."

Zaka zitatu zinadutsa. Zitsime khumi ndi chimodzi manambala ake anatsika bwinobwino. Cha nambala seveni chinakana. Mvula ikagwa chinkachita kukwera. Pa mapu a akatswiri, pafupi ndi seveni panalibe thanki, panalibe paipi, koma kashedi kokha komwe ine ndimaika mpando wanga. Ndipo anali atanena kuti seveni asanatsike, tcheni cha pampope sichichoka.

Ine chifukwa chake ndinkachidziwa. Kale migolo ya mankhwala otha ntchito ikadzaza, kapitawo ankangoti, "Iwe, kachotse." Kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu kunali dzenje. Lachisanu lililonse ndinkakhuthula mmenemo, n'kumasirira mmene nthaka inkamwera msanga. Ndinkadzitama kuti ndine waukhondo, sindisiya chithaphwi. Pambuyo pake tinathirapo simenti n'kumangapo kashedi. Kapitawo anamwalira, anzanga anabalalika. Wotsala ndi ine, ndipo ndinkakhala pamwamba pake penipeni, miyendo nditapingasa.

Wamabotolo anandifunsapo kamodzi. "Madala, inu munagwira pano. Palibe chomwe mukukumbuka mbali inoyi?"

"Ine mayi? Ndimaiwala ngakhale komwe ndasiya mano anga."

Anamwetulira pang'ono n'kupita. Nthabwala imeneyo imandiwawa mpaka lero. Sindinkaopa apolisi ayi. Ndinkaopa maso a mwana wanga. Mdzukulu wanga wamng'ono amadwaladwala. Kaya ndi madziwo kaya ayi, adokotala sananene, inenso sindinafunse.

Kenako kunabwera bwana wa mayi uja, wamagalasi, nsapato zopanda fumbi. Anaima pa seveni atatambasula mapu, ine ndili pompo ngati chitsa.

"Apa palibe chomwe chingadetse madzi," anatero. "Ndiye vuto ndi manja. Mwina paipi simuitsuka bwino, mwina mumasokoneza mabotolo."

"Bwana, sindinasokonezepo botolo."

"Aliyense amatero. Mwezi wamawa zikatulukanso chonchi, titumiza munthu wina."

Mwezi wotsatira mayi uja anabwera ndi paipi yatsopano. Chilichonse anatsuka kawiri. Pa seveni anadzaza kabotolo, thovu. Anataya. Kachiwiri, thovu. Ndinafuna kumuseka kuti lero mpweya wamukonda, koma ndinaleka. Kachisanu m'pomwe kanatheka.

Dzuwa litafika pamutu anabwera kudzakhala mu shedi mwanga, pasimenti, n'kuvula jombo. Chakudya chake sanachitsegule.

"Madala, ndayamba kudzikayikira," anatero. "Bambo anga ankati madzi saiwala khwawa. Penapake pali pomwe zikuchokera. Koma mwina ndi ineyo. Mwina maso akutha."

"Si inu, mayi."

"Mukudziwa bwanji?"

"Pomwe zikuchokerapo mwakhalira."

Anandiyang'ana. Ndinaloza simenti ndi ndodo yanga, n'kunena zonse: kapitawo, migolo, Lachisanu lililonse, zaka zake. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo zikanandipepukira. Iye anangovala jombo, n'kupita kugalimoto, n'kubwera ndi penti yofiira.

"Sunthani mpando."

Ndinasuntha. Analemba mtanda waukulu pomwe panali miyendo ya mpandowo.

"Zaka zitatu, madala. Ndinakufunsani."

"Munandifunsa."

"Ana aja akusenza zigubu mukuwaona."

Munthu amene pakamwa panga sipauma, tsiku limenelo ndinaona nyerere zonse za pansi.

Patapita milungu iwiri anabwera ndi makina oboola. Atangoswa simenti, fungo lotsekemera lija linatuluka ngati lakhala likundidikira. Anyamata oboola anavala zophimba kumphuno. Bwana wamagalasi anaima patali n'kunena kuti iye ankakayikira kale za malowa. Wamabotolo sanachotsedwe ntchito.

Mwana wanga ndinakamuuza ndekha, asanamve kwa anthu. Anali akuchapa. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufinya chovala, n'kunena kuti, "Bambo, mukanangonena." Kuchokera tsikulo amandipatsa moni wa mlendo. Mmawa uliwonse ndisanapite kukalondera ndimakankha wilibala ya zigubu zinayi kukasiya pakhomo pake. Salankhula, koma zigubu amalowetsa.

Seveni wayamba kutsika, pang'onopang'ono ngati nkhalamba yotsika basi. Tcheni chikadali pampope. Ndinafunsa kuti chichoka liti. Wamabotolo anati mankhwalawa ndi olemera kuposa madzi, amamira n'kukabisala m'ming'alu, ndiye ndisawerenge miyezi.

Amabwerabe Lachiwiri lake. Nthabwala zanga sayankha, inenso ndachepetsa. Mwezi wathawu, pa seveni, anadzaza kabotolo, n'kukazondotsa, n'kundipatsira.

"Taonani inu, madala. Muli thovu?"

Ndinakayang'ana nthawi yaitali padzuwa. Kumbali kunali kathovu kakang'ono zedi, koti ndikanatha kukhala chete.

"Lilimo, mayi."

Anataya madziwo mumgolo n'kuyambiranso.