Sopo amene amayi anandipatsa

Ndimakumbukirabe sopo wobiriwira amene amayi ankamudula ndi ulusi kuseri kwa bafa yathu ya udzu ku Nsanama. Inali nyengo ya mango, ine ndili Sitandade 4, iwo ali ndi pakati pa miyezi isanu.

Masiku amenewo ankasamba kanayi pa tsiku. Ine, kamtsikana kamanyazi kofuna kuyamikiridwa, ndinkathamangira kumjigo ndisanatumidwe. "Mwana uyu ndi dalitso," ankatero, koma nkhope ili yakugwa. Kutchalitchi anayamba kukhala pafupi ndi khomo, atamanga zitenje ziwiri pamene dzuwa linkawotcha malata. Mimba ya m'mbuyomo inathera pa mwana wobadwa masiku asanakwane, amene azimayi okhaokha anakamuika mwakachetechete. Pakhomo sitinkazitchula.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo, ndiwo anazindikira.

"Alamu, fungo limeneli sopo salitha. Mawa tikwere limodzi."

"Iyayi, anthu ati ndayenda ndi ndani?"

"Anthuwo ndi amene adzakuberekereni mwana?"

Anapita kuchipatala ku Liwonde, n'kubwera ndi mapiritsi a sabata imodzi. Madzulo ake nditatula ndowa pabafa, amayi anandiikira sopo uja m'manja. "Basi mwananga, madzi akwana. Uyu uzichapira yunifolomu."

Lero nanenso ndine mayi, ndipo ndikudziwa zimene anamwino anawauza. Tizilombo tinachulukana kumalo obisika, ndipo zimenezi zimagwera ngakhale mkazi wokhulupirika. Kutsuka m'kati ndi sopo kunkangowonjezera vutolo. Akanalekerera, nsupa ikanatha kusweka msanga, mwana n'kubadwanso wosakhwima, iwonso n'kudwala atachira. Ndimawamvera chisoni amayi a masiku amenewo, kusamba mpaka zala kufota, kuganiza kuti ndi uve wawo.

Mng'ono wanga anabadwa nthawi yokolola, wonenepa, wolira mokweza mpaka nkhuku kubalalika. Azakhali anamuwerenga zala kawiri, n'kuseka: "Uyu ndiye wadikira mpaka chimanga chauma!"

Koma madzulo aja a sopo, zonsezi sindinkazidziwa. Ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe, sopoyo akusungunuka m'chikhatho chonyowa, ndikulira chamumtima. Ndinkafufuza chimene ndalakwitsa. Kapena madzi anali ndi zitsotso? Kapena ndinachedwa kumjigo? M'mawa mwake ndinatsuka ndowa ija ndi mchenga mpaka kuwala, n'kuiimika pakhomo pawo, kuti mwina andikhululukire.