Nkhope ya Mana Felismina pa khoma la bwana

Mana Felismina Chirindza (kwathu mana ndiye kuti achemwali) anakulira m'matope a kunyanja ku Costa do Sol, ndipo ntchito yake inali yogwira nkhanu n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Ine ndinkayandikana naye nyumba. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wosadziwa kunong'ona.

Chaka chomwe anatisamutsa kuti amangepo nyumba zosanja, iye yekha ndiye anaima kutsogolo kwa chimakina chogumulira nyumba, beseni lili m'manja, akutukwana mpaka thovu kukamwa. Pagulu la anthu oonerera panali Abílio Nhancale, katswiri wojambula pamanja yemwe sasowa pa zionetsero. Apolisi atafika sanathawe, pamenepo ndisamunamizire.

Nyumba zinagwa ndithu. Patapita miyezi, Abílio anatilondola ku Marracuene komwe anakatitaya, atanyamula chipepala chokulunga. Anali atasema Felismina pa thabwa, n'kudinda ndi inki yakuda. M'munsi analembamo nambala ndi dzina lake ndi pensulo.

"Mana, zilipo makumi atatu basi, ndipo thabwalo ndaliswa," anatero. "Dziko lonse lidziwe zimene anakuchitani."

"Kukamwa kwanga n'kumeneku? Iwe, wandipatsa mano a ng'ona!" Felismina anamuseka, koma anakondwa, ndipo anachikhoma pakhoma.

Kwatsopanoko nkhanu zinali kutali. Msuweni wake anamupezera ganyu yothandiza kukhitchini m'nyumba zosanja zomwe zija. Lamlungu lina masana anamutumiza pamwamba penipeni, kwa bwana Valdemar, mwini nyumba zonsezo, amene anali ndi alendo. Felismina analowa atanyamula mbale ya nkhanu zophikira kokonati. Atadzutsa maso anadziona yekha pakhoma, m'felemu yagolide, kababu kakumuunikira.

Mkazi wa bwanayo anayang'ana pakhoma, n'kuyang'ananso iye.

"Valdemar, taona! Si yemweyu?"

Alendo anaomba m'manja. Bwana anadzuka, msuzi ukuyenderera pachibwano, n'kumugwira phewa ndi dzanja lamafuta.

"Mayi, ndinu otchukatu inu! Ukali umenewu ndi womwe ndinagulira chithunzichi. Taimani apa."

Mafoni anatuluka. Mzibambo wina, akutsopa mwendo wa nkhanu, anakuwa kuti, "Ayasamule ngati pachithunzipo!"

Felismina anaika mbale ija patebulo mwaulemu, n'kutuluka. Anasanza pamasitepe. Epuloni anaisiya pomwepo.

M'mawa mwake anandipempha kuti ndimuperekeze kwa Abílio. Tinamupeza akutsuka maburashi, wailesi ikulira. Anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu.

"Mana, amagulitsa ndi a kusitolo ya zithunzi, ine sindisankha wogula. Komanso mwina zakhala bwino. Azikuonani tsiku ndi tsiku, chikumbumtima chizimudya."

"Chimudye? Ndamuona ndi maso angawa. Akudya ndi iyeyo, mpaka kuonjezera."

"Luso limagwira ntchito pang'onopang'ono, mana."

"Pamene paima tebulo lake m'pamwamba pa khitchini yanga. Ukudziwa zimenezo iwe?"

Abílio ankamuyang'anitsitsa, maso atatsinzinira pang'ono, dzanja likufufuza patebulo mpaka linapeza kakala kojambulira.

"Musasunthe, mana," anatero chapansipansi. "Nkhope imeneyo, ingokhalani choncho."

Felismina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kulavulira pansi, pafupi ndi nsapato zake.

"Tiye, Celeste," anandiuza. "Muno mukununkha."

Kuganyu kuja sanabwererenso. Masiku ano amagulitsa makala pasiteji ya minibasi ku Marracuene, ndipo mawondo ayamba kumuvuta. Abílio tikumva kuti zithunzi zake zikupita kunja. Anabwerapo kudzapepesa, atanyamula thumba la mpunga. Felismina anali pakhonde, akusankha nyemba. Anayang'ana ine, osati iyeyo.

"Uwauze abambowa kuti kulibe, ndachokapo."